Kanyali Kamene Ndinazimitsa m'Galimoto Yako

Uyole, Mbeya
Lamulungu, 12 Juni

Wokondedwa mng'ono wanga Gwandumi,

Ndikupereka moni kwa iwe ndi mlamu wanga Subilaga. Mukudzuka bwanji kumapiriko ndi chisanu cha mwezi uno? Kodi miyendo ya mlamu ija yaphwa? Kuno tilipo. Mayi akudandaulabe bondo, koma kutchalitchi akupita okha. Mlamu wako Tusajigwe ndi ana ali bwino. Amene sindili bwino ndine, ndipo si matenda.

Kalatayi ndapatsira a Mbilinyi a lole ya mbatatesi. Ndawapempha kuti akupatse m'manja mwako, asakaisiye ku ofesi ya sukulu. Uiwerenge mpaka pansi usanagwire kiyi wa galimoto.

Lachinayi ndinaimba foni iwe uli m'kalasi, anayankha ndi mlamu. Anandiuza akuseka kuti masiku ake ayandikira, ndipo Lachisanu likubwerali umutsitsira ku Chimala pa galimoto yanu kuti akakhale kuchidikiro. Ndinafuna kunena pomwepo, koma ndinangofunsa ngati nandolo wacha. Dzulo ndi dzana ndayesanso kuimba, foni yanu siikugwira.

Gwandumi, galimoto ija ikudwala, ndipo ndinakubisira ndine.

Ukukumbukira pamene unkapita kumaphunziro ku Morogoro. Unaisiya pabwalo panga, n'kunena kuti ndizingoiliza Lamulungu lililonse kuti batire isagone. Miyezi iwiri ndinachitadi zimenezo. Kenako ndinayamba kuiona ngati ng'ombe yonenepa imene ikungodya osalima. Ndinachotsa mipando yakumbuyo, n'kuyamba kukatenga nthochi ku Kiwira, kawiri pa sabata. Mikoko ndinkaidzaza mpaka kudenga. Mafuta akandithera panjira ndinkathira a m'mabotolo aja a m'mbali mwa msewu.

Tsiku lina ndikukwera chitunda, kanyali kachikasu kanayaka kuseri kwa chiwongolero. Kamaoneka ngati kampopi ka madzi. Galimoto inkayenda bwinobwino, koma njira yonse ndinkayang'ana kanyaliko kuposa msewu.

Ndinapita kwa Mwasumbi, makaniko amene amakonza galimoto kuseri kwa msika. Iye anandiseka. Anati ndine wamantha ngati nkhuku yachilendo, ndipo kanyali kameneko kamayaka m'galimoto iliyonse ya m'Mbeya muno, ngakhale ya abusa. Anamasula waya wa batire, tinamwa tiyi, n'kubwezeretsa. Kanyali kanazima. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba nyimbo.

Patangopita masiku awiri kanayakanso. Tusajigwe, poona kuti sindikudya, anamatapo kapepala ka vesi kamene anapatsidwa kuchigwirizano cha amayi. Koma kuwala kunkatulukirabe m'mbali mwa vesilo.

Kenako injini inayamba kutsokomola ikatentha. Kawiri konse inangozima yokha ndikuyenda, mwayi wake panali pachidikha. Ndikadikira kuti izizire inkalira ngati palibe chachitika.

Apa ndiye ndinapita kwa a Chaula, amene ali ndi makina owerengera matenda a galimoto, aja anthu amawatcha Dokotala. Analumikiza kachingwe kunsi kwa chiwongolero, makina n'kulemba chilembo chimodzi ndi manambala anayi. Anandilembera papepala, ndipo pepalalo ndikadali nalo m'Baibulo. Anandifotokozera kuti kanyaliko pakokha sikanena matenda, kamangoitana. Kakayaka chiyakire ndiye kuti pita ukapimitse msanga, kakayamba kuphethira ndiye kuti ima pomwepo. Anati m'galimoto yako kachipangizo kowerenga kazunguliridwe ka injini kakufa, ndipo tsiku lina kadzazimitsa injini osachenjeza. Anati kufa kwake si chifukwa cha nthochi zanga ayi, n'kukalamba chabe. Koma kena katsopano kanayenera kuchokera ku Dar es Salaam, masiku khumi.

Tsiku limenelo linali Lachitatu, ndipo iwe unkabwera Loweruka kudzatenga galimoto.

Ndinaona kuti ukaona kanyaliko ufunsa, ndipo ukafunsa nkhani ya nthochi ituluka. Iwe wamng'ono, wophunzira, undiyang'ane pamaso pa mayi ngati wakuba. Ndiye ndinawapempha a Chaula kuti angokazimitsa kaye. Anavula magalasi, n'kundiyankha kuti:

"Bambo, mwana akulira kuti m'mimba mukupweteka, inu mukuti ndimutseke pakamwa? Pitani nayoni kwina, ine ayi."

Ndinapita nayodi kwina. Mwasumbi sanafunse kanthu. Anamasula galasi la kutsogolo kwa chiwongolero, anazula kababu ka kanyali kaja, n'kundiponyera m'manja ngati dzino la mwana. Anati makolo athu ankafika ku Tunduma pa galimoto zopanda kanyali ngakhale kamodzi, ndipo anafa ndi ukalamba. Ndinabwezeretsa mipando, ndinatsuka utomoni wa nthochi ndi palafini, ndinamatula vesi lija.

Loweruka unabwera, unaliza injini, unayang'ana kutsogoloko, n'kunena kuti akulu mwandisungira bwino, palibe kanyali kakudandaula. Unandigwira dzanja ndi manja awiri. Mayi anaphika nthochi ndi nyama, ine ndinangolawa. Ndinadziuza kuti kwanuko n'kozizira, injini sidzatentha, ndipo sukulu ili pafupi, umayenda pansi. Masabata asanu ndakhala ndikudzinamiza choncho.

Tsopano imva zimene zachitika kuno.

Lachiwiri tinaika maliro a Mwalyego, uja ankagulitsa simenti pafupi ndi siteji ya basi. Ankatsika chitunda cha pa Mlima Nyoka ndi mkazi wake, masana dzuwa likuswa mtengo. Mkaziyo anapulumuka, wathyoka nthiti ndi mkono. Amayi amene anakamuona akuti akungobwereza mawu amodzimodzi. Akuti injini inangokhala chete, ngati munthu wasiya kulankhula pakati pa nkhani. Mwamuna wake anaponda buleki kawiri, kachitatu inali ngati akuponda mwala. Chiwongolero chinalimba. Ndipo akuti sipanayake kanyali kalikonse.

Kumanda, tikuthira dothi, ndinamva munthu akundikoka malaya. Anali Mwasumbi. Nthabwala zake zonse zinali zitamuthera.

"Akulu, zija tinachita zija zikhale za awiri. Anthu akayamba kulankhula, tonse tipsa."

Sindinamufunse ngati galimoto ya Mwalyego inadutsanso m'manja mwake. Sindikudziwa, ndipo sindikufuna kumunamizira. Koma n'chifukwa chiyani anandiuza zimenezi pamanda pomwepo?

M'mawa mwake ndinabwerera kwa a Chaula ndi pepala lija, n'kuulula zonse. Sanandikalipire, bola akanatero. Anangofunsa kumene galimoto ili. Nditanena kuti kuseri kwa Matamba, anafunsa ngati mwini wake amatsika pa msewu wa makona makumi asanu ndi asanu ndi awiri uja. Ndinati ndi womwewo. Anakhala pa tayala. Anandiuza kuti injini ikazima, mphamvu yothandiza mabuleki imatha ukangoponda kawiri kapena katatu, ndipo chiwongolero chimafuna amuna awiri. Pachidikha munthu umangoima n'kutukwana. Pamakona aja palibe poima.

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma. Ichi chinaimba, mng'ono wanga, ndine ndinang'amba ng'omayo.

Msewu umenewo ndimaudziwa. Ndikatseka maso ndikuona kona ili pansi pa inzake, nkhungu, ndi phompho kumanja. Ndikuona mlamu atagwira mimba ndi manja awiri, iwe ukuyang'ana kutsogoloko n'kumuuza kuti asaope, galimoto ili bwino.

Ndiye ndikupempha, ndagwada. Lachisanu usatsike ndi galimoto imeneyo. Usanene kuti uyenda pang'onopang'ono. Usanene kuti masabata onsewa sinavute, chifukwa kwa inenso inkakhala masiku osavuta. A Mbilinyi avomera kuti mlamu akhale kutsogolo m'lole yawo Lachinayi akamatsika ndi mbatatesi. Ngati lole ikugwedeza kwambiri, kapemphe galimoto ya kumishoni. Ndipo ngati matenda angamuyambe tsikulo lisanafike, apa ndiye pamene ndikuopa kwambiri, chifukwa udzathamangira kiyi osaganiza. Ukambirane ndi a kumishoni lero lomwe. Kiyi umupatse mlamu abise.

Kachipangizo kaja taitanitsa. Kakafika ndibwera nako ine mwini pamodzi ndi a Chaula ndi makina awo. Avomera, ati kuti aone nkhope ya munthu amene mkulu wake anamuchita zotere.

Mwina ukuganiza kuti ndi mantha anga a masiku onse, aja mumandiseka nawo kuti ndimaona maliro m'kapu ya tiyi. Usandikhulupirire ine, kayese wekha. Lowa m'galimoto, upotokole kiyi pang'ono osaliza injini. A Chaula akuti pamenepo tinyali tonse timayenera kuyaka kaye pamodzi, ka batire, ka oyilo, ka buleki, ndi kachikasu kaja. Uyang'ane kumanzere, pansi pa muvi wa mafuta. Upeza mdima. Ukatero uzule kiyi.

Mayi sindinawauze, Tusajigwe akudziwa theka. Ukafuna kuwauza wekha, uwauze. Ukafuna kudzandinena pamaso pa banja lonse, ndidzakhala pansi n'kumva, sindidzayankha. Ngati undide, undide uli moyo, mwana ali kumsana kwa mayi ake.

Undiperekere moni kwa mlamu, umuuze kuti Tusajigwe wamusokera matewera khumi ndi awiri ndi kachipewa. Moni kwa apongozi ako ndi kwa aphunzitsi anzako. Mulungu akusungeni pamwamba pa phiripo mpaka ndifike. A Mbilinyi akamabwerera uwapatse kapepala, ngakhale ka mawu awiri okha, kuti ndidziwe kuti kalatayi yakupeza galimoto ikadali pabwalo.

Ndine mkulu wako wamanyazi,
Anyigulile Mwakabonga