Amuna anga akufuna kuletsa masamu a zitsekerero

Aphungu,

Ndithandizeni, mutu wanga waima. Ndili ndi mwana wamkazi amene kale akangomva za masamu, m'mimba munkamupweteka. M'mawa ankakakamira chitseko akulira, ine n'kumachita kumukoka ngati mbuzi yopita kumsika. Chaka chino kalasi yake yalandira mphunzitsi watsopano, wachitsikana ndithu, amene ana amawatcha Madamu Zitsekerero.

Tsiku lina ndinakasuzumira pawindo. Madamuwo amagawa ana m'magulu. Gulu lililonse limalandira makadi anayi a manambala, odula ku katoni, ndi zitsekerero za mabotolo zolembapo zizindikiro za kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa. Pabolodi amalemba nambala imodzi, ndiye ana asanje makadi ndi zitsekererozo mpaka aipeze. Tsikulo makadi anali 2, 3, 6 ndi 8, pabolodi panali 20. Ana atangoyamba, Madamu anazungulira magulu onse kutolera zitsekerero za kuphatikiza n'kuziponya m'thumba la diresi. "Kuphatikiza kwadwala lero, kwapita kuchipatala. Mutani?" Kalasi yonse inakuwa. Kenako ndinaona mwana wanga, wodwaladwala m'mimba uja, atagwada padesiki akulamula anzake: "Chulukitsani 8 ndi 3, tichotsepo 4! Mukufunsa 4 ali kuti? Chotsani 2 pa 6!" Aphungu, misozi inalengeza. Madamu amenewa ndi mphunzitsi weniweni, ndimawagomera.

Vuto ndi bambo akunyumba. Ndi wapampando wa komiti ya makolo, ndipo iwo masamu anaphunzira ndi chikwapu. Akuti kalasiyo yasanduka bwalo la juga, phokoso likumveka mpaka kumsewu, ndipo m'kope la mwana mulibe machongi ofiira. "Ine sindinatumize mwana kusukulu kukatola zinyalala," amatero. Pamsonkhano wa makolo ukubwerawu akufuna kupempha ahedi kuti aletse masewerawa, apo ayi Madamu awasinthe kalasi. Bambowa akalankhula makolo ambiri amangoti inde. Mwana wamva, ndipo dzulo wandifunsa kuti, "Amayi, ndiye tibwereranso zakale zija?" Kodi ndiimirire n'kuwatsutsa amuna anga pagulu, kapena ndingosunga pakamwa?

E. N. K.

Mayi E. N. K.,

Madamu amenewo ndawakonda ndisanawaone. Mwana wongoloweza amadziwa kuti 8 kuchulukitsa ndi 3 ndi 24, basi. Koma amene walandidwa kuphatikiza n'kupeza njira ina wamvetsa chimene chizindikiro chilichonse chimachita. Phokosolo lisakudetseni nkhawa. Ndi ana amene akukangana za masamu, pamene anzawo akukangana za mpira.

Komabe amuna anu musawayese mdani. Bambo amene amatsegula kope la mwana n'kuyang'ana machongi ndi wosowa masiku ano. Akuopa kuti pamayeso sipadzakhala zitsekerero, ndipo pamenepo sakunama.

Ndiye musadikire msonkhano. Pitani kwa Madamu mawa lomwe, muwauze zomwe zikubwera asadzazimvere pagulu. Apempheni kuti masewera akatha, mwana aliyense azilemba m'kope njira imene gulu lake lapeza, mzere ndi mzere, iwo n'kuchonga. Zidzakhazika bambo mtima pansi, komanso zidzathandiza ana amanyazi amene amabisala kumbuyo kwa anzawo olongolola ngati wanuyo.

Kenako tolerani zitsekerero zanu, mudule katoni. Bambo akadya n'kukhuta, mwana awapemphe kuti amuthandize, osati kupikisana nawo. Akhale gulu limodzi, inu mukhale wolemba nambala ndi wolanda chizindikiro. Pasakhale alendo, pasakhale alamu. Akakanika musaseke ngakhale pang'ono, lumani mlomo. Mwamuna amene wasekedwa m'nyumba mwake amakabwezera kumsonkhano. Akayamba kukoka makadi n'kumati "tadikira kaye, iwe", dziwani kuti zayamba kuyenda. Pamenepo auzeni kuti wapampando sayenera kuweruza kalasi imene wangoimvera kumsewu, akakhale nawo phunziro lonse.

Zonsezi zikakanika, imirirani pamsonkhano. Koma auzirenitu kunyumba kuti mudzalankhula, asadzadzidzimuke pamaso pa anthu. Musadzanene kuti bambo alakwa, mudzangofotokoza zomwe munaona ndi maso anu. Mudzapeza kuti amayi ena anali ndi mawu omwewo, amangosowa woyamba.

Chenjezo langa ndi ili: musakhale chete poganiza kuti mukusunga mtendere wa banja. Bambo akakwiya adzakwiya, mawa adzapempha madzi osamba. Koma mwana amene wayamba kukweza dzanja m'kalasi, mukamutsitsa dzanjalo inu makolo ake, palibe mphunzitsi amene adzalikwezenso.

Aphungu