Chigoba Chopakidwa M'kati

Lolemba, 12 Juni 1989

Mackford. Mlongo wanga, bere limodzi. Wakuba.

Kagalimoto kamabatire kaja anamubweretsera amalume a Cyrus kuchokera ku Joni, chigoba chake chinali choonekera ngati botolo. Anapaka ndani? Ine. Sabata yathunthu, penti wotsala wa maboti, burashi ya ubweya wa mchira wa mbuzi. Kupaka m'kati, kuti kakagubuduzika penti asapalike. Zilembo chobwerera m'mbuyo, kuti kunja ziwerengeke: MPHEPO YA MWERA.

Lero ada Davis, olemba maina pamaboti kudoko, abwera kuseri kudzaonera. Akufuna wowathandiza ntchito. "Dzanja ili n'landani?" Mackford osaphethira: "Langa, ada." Ine ndili pomwepo, beseni la chinangwa pamutu.

Zaka ziwiri pakhomo chimalizireni Fomu 4. Ntchito yanga yapita ndikuyang'ana.

Lachitatu, 14 Juni

Ama akuti ndisamuchititse manyazi Mackford, ndi mwamuna, akufunika poyambira. Ine kaya ndikufunika pothera.

Katswiri wathu wakhala kuseri masana onse, kabokosi kowongolera m'manja, lilime panja. Wagunda mtondo. Wagunda mwendo wa thandala, chinangwa chonse pansi. Nkhuku ya a Margaret oyandikana nafe yathawira m'bafa, sikufuna kutuluka. Ama nkhawa yawo ndi eriyo ya kabokosiko basi: "Tsitsa kawayako iwe, anthu angati tikulankhula ndi akunja."

Ndapempha kuyendetsako. Akuti ndingathyole.

Loweruka, 17 Juni

Wayamba ntchito. Wabwera penti mpaka m'zigongono, wina m'khutu. Paboti kaya wafikapo wochuluka bwanji.

Madzulo wandipeza ndikutsuka mbale. "Mlongo, mzere umatani kuti uwongoke?" Ndamuuza kuti azipemphera.

Mabatire atha. Kagalimoto akukakoka ndi chingwe ngati mbuzi.

Lachinayi, 22 Juni

Ada Davis abweranso, nkhope yosasekerera. Dzina la boti la a Yakobe akuti latuluka ngati layendapo nkhanu. Anatola kagalimoto, kuchotsa chigoba, kuchitembenuza. Kukanda kunja ndi chikhadabo, penti osachoka. "Mackford, tandionetsa mmene unalowetsera zilembo m'katimu." Katswiri anayamba kufotokoza za mabatire.

Anandipatsa thabwa ndi burashi. Ndinalemba dzina lawo, kenaka ndinalilembanso chobwerera m'mbuyo, kuti mlongo wanga aphunzirepo.

"Dzanja ndi ili," anatero. Mtima wanga phaa! Ndinayamba kale kuganiza za diresi yovala kudoko.

Kenaka anakanda kumutu. Akuti eni maboti sangalole mkazi kugwira boti, ati usipa ungathawe. Ndiye ine ndizijambula zilembo pakatoni kunyumba konkuno, Mackford azidula n'kukapaka. Malipiro tizigawana. Kudoko asamve.

Usipa wa kuno ndi wophunzira ndithu. Umadziwa kusiyanitsa dzanja la mkazi pa penti wouma. Koma ukafika pathandala, mkazi yemweyo ndiye wouyanika, suthawa.

Ndinati ndiganize kaye.

Lamlungu, 25 Juni

Kutchalitchi ulaliki wa kukhululuka. Ama kundigwedeza ndi chigongono kawiri. Nthiti ikuwawabe.

Ndikakana, nditsala ndi beseni. Ndikavomera, dzanja langa lizidyetsa wakuba. Ndalira pang'ono kuseri kwa bafa, nkhuku ija ikundiyang'ana.

Lachisanu, 7 Julaye

Ndinavomera. Katoni zinayi pofika lero.

M'mawa ndinadzera kudoko, ati kukagula nsomba. Boti la a Yakobe likutuluka, zilembo zanga pamphuno pake, zoyera, zowongoka bwino. Anthu: "Koma mnyamata wa ada Davis uja ali ndi dzanja!" Mackford kuvomera ndi mutu ngati nduna. Atandiona anawerama, kufunafuna chinthu mumchenga. Zilembo zapita panyanja, mwini wake ndatsala pamtunda ndi usipa wa m'pepala.

Pobwera ndapeza kagalimoto pakhomo la chipinda changa, kabokosi pambali, mabatire atsopano. Mwini wake osaoneka. Kupepesa kwa amuna a m'nyumba muno ndi kumeneko.

Ndakayendetsa. Kuzungulira mtondo, kudutsa pansi pa thandala, osagunda kanthu. Kamathamanga bwino, kakang'onoting'ono koma liwiro! Ndinaseka ndekha, mpaka ndinadzigwira pakamwa kuti angamve.

Kali pansi pa bedi langa tsopano, ndipo sikatulukamo. Mabatire ndalandira. Kukhululuka ayi. Za Mackford ndalekera pano, sindidzazitchulanso, ngakhale m'buku muno.