Makalabu Awiri pa Khonde la ku Kawale

Amayi, mwaswera bwanji kumeneko komwe muliko? Kodi nako kukuzizira ngati kuno? Ife mwera watipeza msanga chaka chino, moti ndikulemba nditavala juzi yanu yofiirira ija, ndili pakhonde, pakona pamene dzuwa limafika likapendeka. Fumbi la m'Kawale ndi lomwe lija, silinasinthe ngakhale pang'ono.

Ndiyambe ndi zokoma. Mpongozi wanu ku Nsungwi wachira, mwana wamkazi, wonenepa bwino. Zala zake ndi zazitali ngati zanu, ndipo nditamunyamula ndinangoti, eee, uyu ndiye adzatigawira makadi. Achimwene anaseka mpaka misozi. Chimanga cha kumunda wa kumtsinje kuja tapezako ndithu, ngakhale mizere ya kumunsi anatithandiza kukolola ndi anthu osawadziwa, osatisiyirako ndi moni yemwe. Mbatata ndiye yachita kunyanya, tikumwera tiyi mpaka ana ayamba kudandaula. Denga la kukhitchini bambo a ana akuti alikonza ndi malata a ku Mchesi. Ine sindinatsutse, tidzaona mvula ikabwera.

Koma chimene ndakhalira pansi lero ndi nkhani ya mnzanu wa pamtima, Anangozo a ku Biwi, ndi tebulo lanu la buliji, masewera a makadi aja.

Nthawi zina ndikamasinza m'minibasi ndimakuonani muli atsikana awiri, inu ndi Anangozo, mutavala zoyera za unamwino ku chipatala cha mishoni kuja, sisitere wokalamba akukuphunzitsani kugwira makadi chifukwa mvula yatseka misewu ndipo alibe wosewera naye. Sindinakuoneni choncho ndi maso anga, koma munkafotokoza kawirikawiri mpaka ndinayamba kukhala ngati ndinaliko. Anthu a kuno mpaka lero masewerawa sawamvetsa. Mukukumbuka mmene azimayi a kutchalitchi ankanong'onera kuti kwathu kumachitika njuga? Mkulu wa mpingo uja anabwera kudzagwira otchova njuga, nakhala masana onse akumva anthu akungoti mitima iwiri, masipedi atatu, mapeto ake anagona pampando kukamwa kuli yasa.

Maliro anu atatha, Loweruka lina masana ndinangomva odi pageti. Anali Bambo Kachere, aja anapuma ntchito ku fodya ku Kanengo, ndi akazi awo, kumbuyo kwawo Anangozo ndi ambulera yawo. Miyendo inangowabweretsa mwa chizolowezi. Anaimirira pakhonde akuyang'ana mpando wanu. Kenaka Anangozo anandiloza ndi ambulera ija nati, "Iwe, wakhala ukuimirira kumbuyo kwa mayi ako ndi thireyi ya tiyi kuyambira uli ndi mamina. Khala apo." Ndinakhala, Amayi.

Malamulo ndinkawadziwa. Anthu anayi, awiriawiri, woyang'anizana nawe ndiye mnzako. Musanaponye khadi mumayamba mwatchulirana, kulonjeza kuti pa milu khumi ndi itatu mudya ingati ndipo mtundu wolamulira ukhale uti. Mulu ndi makadi anayi, aliyense kuponya limodzi, khadi lalikulu n'kudya onsewo. Kuonetsana makadi ayi, kutsinzinirana ayi, kulankhulana kwake ndi kutchula kokhako. Zonsezo ndinkazidziwa ngati katekisimu. Chimene sindinkadziwa ndi chakuti ulemu umene munandiphunzitsa inu nomwe udzandigwetsa m'dzenje.

Tsiku lina kunandigwera dzanja lolemera, maeyisi ndi mafumu okhaokha. Ndinayang'ana akuluakulu atatu aja, imvi mbuu, ndipo ndinachita manyazi. Mwana wa dzulo ngati ine ndikweze mawu pamaso pa makolo kuti ndili ndi chuma? Ndinaweramitsa mutu ndi kunena chapansipansi, "Mtima umodzi." Onse anati pasi, kutanthauza kuti alibe chowonjezera, Anangozo nawonso pasi, poti analibe kanthu ndipo ine sindinawauze kuti ndine wolemera. Ndinadya pafupifupi milu yonse, koma lonjezo langa linali laling'ono, phindu lakenso laling'ono. Mayo ine, mmene Anangozo anandikalipirira! "Kodi ukuyesa uli pachinkhoswe pano? Ulemu wakowo ukagwadire nawo apongozi ako. Pano ukalemera umanena!" Bambo Kachere anachita kubisa nkhope m'kapu ya tiyi.

Tsiku limenelo ndi limene ndinamvetsa makalabu awiri. Ndinkakumvani mukutchula, koma kulemera kwake sindinkakudziwa. Munthu akatsegula ndi makalabu awiri sakunena za makalabu ayi, mwina alibe ndi amodzi omwe. Akuuza mnzake kuti, ndanyamula katundu wamkulu, usandisiye panjira. Ndipo mnzakeyo, ngakhale m'manja mwake muli zinyalala zokhazokha, saloledwa kunena pasi. Amayankha madayamondi awiri, kutanthauza kuti ndakumva, ndilipo, pitiriza. Kuchokera pamenepo mumakwera pang'onopang'ono, kufunsana ndi kuyankhana. Inu munkati wosauka ndiye amalumpha, wolemera amayenda chokoka mapazi kuti mnzake amupeze. Munkanenanso mukusenda mbatata kuti dzanja lalikulu ndi ngati mtolo wa nkhuni, umadzimangira wekha koma pokusenzetsa pamafunika munthu.

Tinasewera bwino ndithu ine ndi Anangozo mpaka dzinja lapitali. Ndiye zinayamba pang'onopang'ono. Tsiku lina anatsika minibasi pa siteji yolakwika, wakabaza wina wachifundo ndiye anawabweretsa. Tsiku lina anathira mchere mu tiyi, namwa osaona vuto. Pa tebulo ankatha kugwira makadi nthawi yaitali akumwetulira, kenaka n'kufunsa kuti, "Kodi tikudikira ndani?" A Kachere ndi akazi awo anayamba kuwasewerera mofewa, kuwalola kubweza khadi, kunamizira kuti sanaone. Zinkandipweteka, Amayi. Mayi aja amene ankakumbukira khadi lililonse loponyedwa, lero anthu akuwachitira chisoni ngati mwana.

Mwana wamwamuna wa Anangozo, wa ku Area 25 uja, anagamula kuti awatengere kumudzi ku Bembeke, akakhale ndi mchemwali wake. Sindikumuda, sakanatha kukhalanso okha. Loweruka lapitali ndilo linali lomaliza. Anabwera nawo pagalimoto katundu ali kale m'mbuyo, nati tisewereko pang'ono chabe poti ku Dedza n'kutali. Iye anakhala pa njerwa za pakhonde akuseweretsa makiyi. Anandinong'oneza kuti, "Asisi, musavutike nawo, mutu unapita kale. Ingowasangalatsani."

Tinagawa kangapo, zamasewera chabe. Kenaka ndinatola makadi anga, ndipo mtima unangoti phaa. Mitima isanu ndi iwiri kuyambira pa eyisi kutsika osadukiza. Eyisi ndi mfumu ya masipedi. Kalabu imodzi yokha, nayonso eyisi. Madayamondi atatu akuluakulu, kungosowa eyisi yake basi. Chibadwire sindinagwirepo dzanja lotero, ndipo ndikukayika ngati inu munaligwirapo.

Njira zinali ziwiri. Ndikanatha kulumpha ndekha, kungoti mitima isanu ndi umodzi, kudya milu khumi ndi iwiri popanda kuwafunsa kanthu Anangozo. Palibe akanandinena. Koma kutero kukanakhala kuvomereza mawu a mwana wawo, kuti kutsogolo kwangaku kwangokhala juzi ndi duku, munthu mulibe. Njira inayo inali makalabu awiri. Koma akanati aiwale n'kunena pasi, ndikanatsala ndi lonjezo la makalabu ndili ndi kalabu imodzi, chuma chonse chija kumwazika, ndipo aliyense pakhondepo akanaona ndi maso kuti Anangozo atha. A Kachere akanati, "Tiyeni tibwereze," ndi mawu achifundo aja. Ndinkaopa kuwachititsa manyazi pa tsiku lawo lomaliza, ndinkaopa kwambiri.

Ndinayang'ana manja awo. Makadi anali atawasanja bwinobwino, mtundu ndi mtundu, monga kale. Ndinati, "Makalabu awiri."

Mayi Kachere anandiyang'ana ngati ndapenga, nati pasi. Inatsala nthawi ya Anangozo kuti ayankhe. Anangozo sankayang'ana makadi, ankayang'ana mtengo wa gwafa uja munabzala pafupi ndi mpopi. Dzuwa linkadutsa m'masamba n'kumasewera pankhope pawo. Kutali ndinkamva a zowotcherera zitsulo akugogoda, mayi wina akuitanira nthochi mumsewu, njiwa ikulira padenga la aneba, ndipo zonsezo zinkamveka ngati zikuchokera pansi pa madzi. Sindikudziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji. Ndinaganiza kuti mwina ali ku mishoni kuja, mvula ikugwa pamalata. Makiyi aja anasiya kulira. Bambo Kachere anatsegula pakamwa kuti awathandize, ine ndinawaponda phazi pansi pa tebulo, mundikhululukire.

"Madayamondi awiri," anatero Anangozo, maso akadali pa gwafa.

Abale inu! Ndinanena mitima iwiri, kuwauza mtundu wanga weniweni. Sanachedwe, anati mitima itatu, kusonyeza kuti mitima ali nayo ndipo sali chimanjamanja. Apo ndinafunsa funso lija la maeyisi, notilampu zinayi, loti mnzanga, uli ndi maeyisi angati? Milomo yawo inagwedezeka ngati akupemphera. Kenaka anati, "Madayamondi asanu." Pa chiyankhulo chanu chija, imeneyo ndi eyisi imodzi, yomwe ija ndinkaisowa.

Koma apa ndiye mantha anandigwira zenizeni. Nanga ngati angobwereza dzina la madayamondi poti ndilo linatsala pakamwa pawo? Masiku ano amatha kubwereza mawu amodzi m'mawa wonse. Ndikanatha kuima pa zisanu ndi chimodzi, pabwino, posagwa. Koma munthu sufunsa funso kenaka n'kukana yankho lake. Ndipo ndinakumbuka kuti inu awiri, zaka zonse zija, silamu yaikulu yodya milu yonse munkangoilota, simunaitchulepo n'kuikwanitsa. Ndinakhala tsonga, ndipo ulendo uno sindinaweramitse mutu. "Mitima isanu ndi iwiri."

Bambo Kachere anavula magalasi. Onse anati pasi. Mayi Kachere anaponya sipedi, ndipo inafika nthawi yoti Anangozo ayale makadi awo patebulo kuti ine ndisewere manja onse awiri. Anayala mosafulumira. Masipedi, tizinyalala. Mitima itatu ing'onoing'ono. Makalabu, palibe cholozeka. Madayamondi anawasunga pomaliza, akutsitsa limodzilimodzi, kakang'ono, kakang'ono kena. Khadi lotsiriza analigwira pachifuwa kanthawi, kenaka analiika pamwamba pa anzake n'kulisisita ndi chala. Inali eyisi ya madayamondi.

Anandiyang'ana m'maso, koyamba tsiku lonselo, nkhope ili ngwee ngati ya mtsikana. Anati, "Esinati, unkayesa ndikusiya? Idya yonse, mwali."

Amayi, dzina lanu la pa utsikana limenelo ndinali ndisanalimve pakamwa pa munthu chichokereni inu. Mwana wawo anadzuka kuti awakonze, kuti awauze kuti uyu ndi Tiyanjane, mwana wa malemu. Ndinamuimitsa ndi dzanja. Ndinayankha mmene inu mukanayankhira, ndinati, "Ndinkadziwa kuti ulipo, Nangozo." Inde, ndinawatchula iwe mayi aakulu ngati aja, ndipo lilime silinandilume. Milu ndinadya yonse khumi ndi itatu, makadi sindinkawaona bwino chifukwa cha misozi, koma dzanja lija linali losewera lokha. Iwo ankangoomba m'manja pang'onopang'ono mulu uliwonse ukabwera kwathu.

Pokwera galimoto anali atabwereranso kutali kwawo kuja. Anandifunsa mwaulemu ngati ndine wa pa nyumba pano, nandithokoza chifukwa cha tiyi. Ndinawafunditsa chitenje m'miyendo poti ku Bembeke kumazizira koopsa. Galimoto itakhota pa chigayo, ine ndi a Kachere tinakhalabe pakhonde mpaka dzuwa kuchokapo, makadi ali pomwepo osawasonkhanitsa.

Ndiye ndabwera kudzapempha, Amayi. Ndinatenga dzina lanu osakuuzani, ndipo ndikufuna mundibwereke ndithu. Tagwirizana ndi a Kachere kuti mwezi ukatha tizikwera basi ya ku Dedza, makadi m'chikwama, mbatata yophika m'kambale. Mwina sadzatidziwa. Mwina adzangogwira makadi n'kumayang'ana mapiri. Koma ndikulonjeza kuti ndizikakhala moyang'anizana nawo nthawi yonse imene Mulungu awasungire kuno, ndipo akadzaitana Esinati, sadzaitana kawiri. Tsiku limene adzafike kumeneko, mudzawalandire inu, ndipo ine ndidzakubwezerani dzina lanu.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Tiyanjane