Tcheni cha Njinga Yanu

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kuno ku Tengani tilipo. Mapira achita bwino, thonje lagwidwa ndi mbozi, ndipo mbuzi yanu yamawanga ija yaswa. Nkhani yaikulu ndi yoti Malita, chitsiriza wanu, wabereka mwana wamkazi. Ndikanakonda kukuuzani ndi chimwemwe chokha, koma ndikulemba ndili wokwiya, ndipo mukudziwa kuti ine sindikwiya msanga.

Mdzukulu wanuyo anabadwira m'mbali mwa msewu.

Ndiyambire poyamba. Titakuikani m'manda, atsibweni, mlongo wanu uja, analamula kuti katundu wanu asagawidwe kufikira abale a ku Mozambique atabwera tikakolola. Sindinatsutse. Njinga anaitengera pakhonde pawo. Anati wofuna kukwera azikapempha, koma pasachoke ngakhale kachitsulo kamodzi. Akuti iyenera kufika tsiku logawa ili monga munaisiyira, apo ayi mudzati takuberani.

Koma munaisiya yotopa, Amayi. Zaka zonse zija mukunyamulirapo mbatata kuchokera kudimba, mchenga wakuno unali kudya zitsulo. Tcheni chinali chitatalika. Mano a fuliwilo, kagudumu kakumbuyo kaja, anali atasongoka ngati minga, moti munthu akaponda mwamphamvu tcheni chinkadumpha. Ndinaitembenuza njingayo n'kuwalozera atsibweni ndi chala. Ndinawakumbutsa kuti Malita ndi woyembekezera, chipatala chili kutali, ndipo pabanja pathu njinga ndi yomweyi. Anayang'ana kumbali nakana m'Chisena nati, "Nkhabe. Mlongo wanga anayenda nayo chonchi, siinamugwetse."

Ndinapitabe ku Bangula kukagula zitsulo. Wogulitsa anandikakamiza za magiya, akuti ndiye zamakono. Ndinakana. Tcheni cha magiya n'chopyapyala, ndipo kachitsulo kosinthira kamalendewera pafupi ndi nthaka, n'koyamba kukola mapesi ndi matope. M'chigwa muno chovuta si zitunda ayi, ndi mchenga. Ndinasankha tcheni chonenepa, fuliwilo ya mano ambiri kuti munthu azipalasa mopepuka atanyamula mnzake, ndi gudumu la mano lakutsogolo lomwe, pakuti tcheni chatsopano pa mano akutha chimadumphabe. Nditafika nazo kwa wokonza njinga wa pamsika, anapinda manja. Atsibweni anali atamuchenjeza kale. Zuze, mwamuna wa Malita, ndi mkamwini, analibe pakamwa. Ine ndinabwerera kusukulu kwanga ku Boma, zitsulo zili m'thumba.

Matenda anamuyamba Malita masana, mwezi wake usanakwane. Zuze anathamangira kwa atsibweni, natenga njinga, namukweza pakeliyala. Atafika pa mtsinje wouma uja, pamene mchenga umamiza tayala, anaimirira pa mapedulo, tcheni n'kuduka. Onse anagwa. Malita sanathenso kukhala pa njinga. Amayi ena ochokera kudimba ndiwo anamutchinga ndi zitenje zawo, mwana n'kubadwira pomwepo, padzuwa la ku Nsanje mukulidziwa lija. Kuchipatala Malita anafika pa ngolo ya munthu wachifundo, atataya magazi ambiri. Ali moyo onse awiri. Koma mwanayo ndi wochepa kwambiri, ndipo anamwino akuti azibwera naye pafupipafupi kuti azimuyeza. Njira ndi yomweyo, mtsinje ndi womwewo.

Tsono chimene chandipsetsa mtima koposa ndi ichi. Atsibweni akuuza mudzi wonse kuti tcheni munadula ndinu. Akuti munakwiya chifukwa ine ndinalowetsa zitsulo zachilendo m'nyumba mwanu. Amayi, akukunamizirani, ndipo akudziwa kuti simungayankhe. Inu amene Loweruka lililonse munkatsuka tcheni ndi palafini, amene munkakana oyilo wakuda wa kuchigayo chifukwa amamata mchenga? Njinga ikangoyamba kulira munkati, "Ndiione lero, mawa ndili ndi zina." Matayala munasintha, mapedulo munasintha, chishalo munasintha kangapo. Pa njinga imene bambo anakugulirani patsala chimango ndi belu basi. Tcheni chinaduka chifukwa chinatha. Ndachiona, pamene chinadukira chitsulo chinali chitapyapyala ngati chikhadabo.

Dzulo ndinapita kwa atsibweni n'kuitenga njingayo osapempha. Ndinabwereka masipanala ndi nyundo. Zuze anayamba wangoima patali, kenako anabwera kudzagwira tayala. Fuliwilo yakale inativuta, inali itagwira dzimbiri, koma inatuluka. Atsibweni anatipeza tikumanga tcheni chatsopano. Anati tsiku logawa dzina langa silidzatchulidwa, sindidzalandira ngakhale chitenje chanu chimodzi. Ndinkafunitsitsa chobiriwira chija munkavala ku Mvano, sindinama. Koma ndinati chabwino. Ndinakulunga tcheni chodukacho m'pepala n'kuwapatsa ndi manja awiri. Ndinati, "Nachi chimene mlongo wanu anasiya. Chisungeni bwino."

Sanachilandire. Ndinachiika pansi pafupi ndi mapazi awo.

Ndayesa njingayo pa mtsinje uja, Zuze ali pakeliyala. Inadutsa osadumpha dzino ngakhale limodzi. Lachisanu mwana apita kuchipatala, ndipo ndapempha tchuthi kusukulu kuti ndikapalase ndekha. Abale akabwera adzandiweruza monga afunira. Koma ndikukulonjezani, Amayi, mwana wa Malita sadzaphonya tsiku lake kuchipatala chifukwa cha chitsulo.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Rozina