Chambo cha Amayi pa Ulendo wa ku Chipoka

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, ndipo mwendo wa amayi wasiya kutupa.

Loweruka abwana anga kuhotela anandilola kukwera nawo galimoto yopita ku Chipoka, ndiye tinadzera kwa Maganga kukatenga amayi kuti akaoneko dziko. Titangonyamuka, amayi anagula chambo m'mbali mwa msewu. Adalaivala anachimangirira panja, pagalasi, monga amachitira aliyense kuti m'kati musanunkhe. Koma amayi osaikhulupirira mfundoyo! Anatulutsa mkono pawindo n'kugwira chingwe ulendo wonse.

Ine ndimvekere, "Amayi, taonani milambe iyo! Onani sitima padoko!" Iwo maso ali pansomba basi. Amvekere, "Ona iweyo, ukandiuza kunyumba. Ndiwo zikagwa, udya sitimayo?"

Madzulo tikudya chambocho, anadziseka okha mpaka misozi. Chimwalirireni abambo, ndinali ndisanawamvepo akuseka choncho.

Munditumizireko buluku, poti masiku ano akazi tikuvala popanda wotigwira. Mulungu akusungeni mpaka Khirisimasi. Amayi akuti mubwere ndithu, mudzawagwirire nsomba kuti nawonso aione nyanjayo.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati