Zimene Amayi Anawerenga ku Laibulale

Okondedwa Achemwali,

Muli bwanji kumeneko, inu, alamu ndi ana? Msana uja unakusiyani? Ndinamva kuti wamkulu uja wayamba ntchito, mundiyamikirire. Kuno tadzuka. Ana ali bwino, bambo awo ali bwino, amayi mawondo ndi omwe aja koma akudya ndipo akuyenda. Ine thupi lili bwino ndithu, koma mutu wokha ndiye sindikuudziwa.

Mudabwa kuona kalata yapamanja pamene foni ilipo. Ndinayesa kuimba kawiri, n'kudula isanalire. Pafoni inu ndi ine timatha mphindi zitatu: moni, amayi ali bwanji, perekani moni. Izi sizingakwane pamenepo. Ngati yakupezani muli kuntchito, ipindeni, mukawerengere kunyumba mutakhala pansi.

Paja ndinakuuzani kuti amayi ayamba sukulu, inu n'kuyesa nthabwala. Atachotsedwa ng'ala ija anayambanso kuona zilembo, ndiye chilichonse cholembedwa ankachiwerenga, ngakhale pepala la m'bokosi la mankhwala. Tsiku lina anaona chikwangwani pakhomo la laibulale choti kuli maphunziro a akuluakulu ofuna kulemba nkhani, Loweruka lililonse masana, kwa miyezi itatu. Anandiuza kuti ndikawalembetse. Ndinati chabwino, kusiyana n'kukhala pakhonde kuwerenga magalimoto.

Chipinda chake chili pamwamba, masitepe makumi awiri ndi anayi. Ndinawawerenga chifukwa Loweruka lililonse ndinkawakweza amayi, dzanja langa m'khwapa mwawo, iwo akupumira pa sitepe iliyonse yachisanu. Muli tebulo lalitali, bolodi, ndi fani yolira ngati mwana wa mphaka. Ndikawakhazika, ndinkatsika kukawerenga nyuzi mpaka aweruke.

Anzawo a m'kalasi ndinawadziwira pa masitepe pomwepo. Pali wapolisi wina wopuma ntchito, amene amayi amati nkhani zake zonse ndi zachikondi koma pomaliza pake aliyense amamangidwa. Pali namwino, pali woyendetsa takisi, ndi ena asanu. Aphunzitsi ndi mtsikana wochepa thupi amene ankagwira ntchito kunyuzipepala, wamng'ono kwa aliyense m'chipindamo, koma akati pepala libwerezedwe, ngakhale wapolisi uja amabwereza.

Masabata oyamba ankaphunzira nkhani zopeka, omaliza nkhani zoona. Amayi anandifotokozera kusiyana kwake tili m'basi. Akuti aphunzitsi anati m'nkhani yopeka umatha kubisala kumbuyo kwa munthu wina, koma m'nkhani yoona uyenera kuima wekha n'kunena kuti "ine". Ndinangoti ehe, maso ali pawindo.

Kunyumba ankalemba pa tebulo lodyera, atatchinga kope ndi mkono ngati mwana pa mayeso. Tsiku lina ndinawafunsa ngati akulembera chibwenzi. Anati ndichoke, ndikuwatsekera kuwala.

Loweruka lathali linali tsiku lotsekera, ndipo anaitana achibale kuti adzamve. Amayi anavala diresi lawo lakuda lija, n'kundiuza kuti lero ndisatsike. Ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi tebulo la tiyi ndi mabisiketi. Wapolisi anawerenga yake, anthu anaseka, mkwati ndi mkwatibwi anamangidwa. Namwino anawerenga za tsiku lake loyamba m'chipinda cha amayi oyembekezera. Kenako aphunzitsi anaitana amayi, n'kunena kuti nkhani iyi inalembedwa koyamba ngati yopeka, koma eni ake apempha kuti iwerengedwe m'gulu la zoona.

Amayi anakana mpando. Anaima atagwira m'mphepete mwa tebulo. Pa pepala lawo, ngakhale ndinali kutali, ndinkaona mizere yofufuta yambirimbiri. Pambuyo pake ndinaona kuti paliponse pamene panali "mayi uja" anakhwatcha n'kulemba "ine" pamwamba.

Mawu oyamba anali awa: "Ine ndinalemba kalata ndi dzanja lamanzere kuti ndisadziwike."

Achemwali, ndinali nditanyamula kapu. Ndinaiika pansi.

Anawerenga kuti mwamuna wawo atamwalira anatsala ndi ana awiri aakazi. Wamkulu ndiye ankawadzutsa m'mawa, kuwakakamiza kusamba, kuwaseketsa pamene iwo ankafuna kungogona chogonere. Kenako kunabwera mnyamata wodzafunsira wamkuluyo, woyeza malo, waulemu, woyenda ndi tepi m'thumba, amene panyumba tinkamutcha a Mamita. Anatchula dzinali, Achemwali, pamaso pa anthu. Anati mnyamatayo analibe chilema chilichonse kupatula chimodzi: ntchito yake inkamutumiza kutali, ndipo akanapita naye mwana wawo.

Anati kutatsala milungu isanu kuti ukwati uchitike, anang'amba pepala pakati pa kope la mwana wawo wamng'ono, n'kulembera mayi a mnyamatayo kuti mtsikana amene akumulandira ali pachibwenzi ndi bwana wa kuntchito kwake, ndipo anachotsapo mimba. Anati palibe liwu limodzi loona limene linali m'kalatamo. Anaiika mu envelopu yobiriwira, n'kutuma wamng'ono uja, wa zaka khumi ndi zisanu, kuti akaponye kupositi popita kusukulu, akumuuza kuti ndi yothokoza anthu amene anatithandiza pa maliro.

Ine ndinkangomva fani. Envelopu ija ndimaikumbukira. Ndinanyambita sitampa ndi lilime langali. Adiresi sindinaiyang'ane n'komwe, chifukwa ndinali nditachedwa ndipo tsiku limenelo kunali mayeso a masamu.

Zotsatira zake mukuzidziwa kuposa ine. A Mamita anabweza mawu. Mayi awo anakuonetsani kalatayo. Inu munazindikira pepala la m'kope langa, ndipo mkazi wa kupositi uja anakuuzani kuti anandiona ndikuponya envelopu yobiriwira. Munandipeza pakhonde ndikupukuta nsapato. Mbama ija khutu lamanzere linalira masiku atatu. Ndinalumbira, ndinalira, ndinati kalata yokha imene ndinaponya inali ya amayi. Munatembenuka kuwafunsa, iwo anati sakukumbukira kuti anandituma.

Zimenezonso anawerenga. Anati: "Ndinaima pakhomo ndi beseni m'manja, mwana wanga akumenyedwa chifukwa cha ine, ndipo ndinati sindikukumbukira."

Zaka zonsezi ine ndinkati amayi anaiwaladi, chifukwa nthawi imeneyo chisoni chinali chitawasokoneza, ankaiwala ndi mphika pamoto. Ndinkati kalata yoipayo inalembedwa ndi munthu wina wanjiru wa kuntchito kwanu, ndipo ine ndinangogwera m'tsoka la mtundu wa envelopu. Kuganizira amayi? Ngakhale kumaloto.

Anamaliza ndi kunena kuti mwana amene ankafuna kumusunga anachoka patapita miyezi iwiri, n'kupita kutali kuposa kumene a Mamita akanamutengera, ndipo m'zaka makumi awiri ndi ziwiri wabwera kanayi. Anapinda mapepala awo.

Ena anayamba kuomba m'manja, n'kusiyira panjira. Wapolisi uja, amene sanamve bwino mawu oyamba a aphunzitsi chifukwa khutu lina ndi logontha, anati nkhani yapekedwa mwaluso, ndipo mayi wa m'nkhaniyo ndi mfiti yeniyeni, akanakhala iye akanamumanga.

Amayi anati, "Si wopeka, bambo. Ndi ine. Ndipo wotumidwayo ndi uyo wakhala apoyo."

Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Namwino anagwira pakamwa. Wapolisi anavula magalasi, kuwavala, kuwavulanso. Aphunzitsi anabwera msanga n'kugwada pambali pa mpando wanga. Anati ndiwakhululukire, mapepalawo anawawerenga katatu akukonza ziganizo, koma sanadziwe kuti mwana wa m'nkhaniyo ndi yemwe amakweza amayi masitepe Loweruka lililonse. Anati akanadziwa akanauza amayi kuti ayambe andiuza kunyumba. Ndinachita kuwatonthoza ine.

Ndiye panatsala masitepe aja. Amayi sangatsike okha, mukudziwa. Woyendetsa takisi anadzipereka, koma amayi anangoima pamwamba paja akundiyang'ana. Ndinalowetsa dzanja m'khwapa mwawo. Tinatsika onse makumi awiri ndi anayi. Ndikuuzeni zoona, pa sitepe ina ndinamva dzanja langa likufuna kumasuka. Silinamasuke, koma ndinalimva.

Tinakwera basi yobwerera kunyumba. Titafika ndinawavula nsapato monga mwa masiku onse, ndinawaikira madzi ofunda a mawondo, kenako ndinatseka chitseko cha kukhitchini kuti ana asamve. Ndinawafunsa chifukwa chake anasankha kundivula pamaso pa alendo, pamene tagona nyumba imodzi zaka zonsezi.

Anati anayesapo kangapo m'khitchini momwemo, ine ndikutsuka mbale, koma pakamwa pankakana. Anati atayamba kulemba za "mayi uja" dzanja linkathamanga lokha, mpaka aphunzitsi analemba m'mphepete kuti nkhani iyi ikumveka ngati wolemba akumudziwa mayiyu kuposa mmene akuvomerera. Anati usanafike mlungu wotsatira anali atakhwatcha monse.

Ndinati sanandiyankhe. Bwanji pagulu?

Anati, "Ndikanakuuza tili awiri, mawa ndikanati sindikukumbukira. Ndimadzidziwa."

Ndinawafunsa ngati akudziwa kuti pa ukwati wanga mpando wanu unali wopanda munthu. Anati akudziwa. Ndinawafunsa ngati akudziwa kuti mukabwera kuno mumandipatsa moni wa dzanja ngati mlendo wa kutchalitchi. Anati ankaona. Sanalire. Anangokhala mapazi ali m'beseni, madzi akuzizira.

Mpaka lero ndikuwaphikira, ndikuwapatsa mankhwala pa nthawi yake, koma sindinakhale nawo pansi. Akalowa pabalaza ndimapeza chochita kuseri. Bambo a ana akuti mlandu suola koma munthu wokalamba sadikira, ndifewetse mtima. Ndawauza kuti aleke kaye miyambi.

Nanenso ndili ndi changa choti ndiulule. Chaka chija amayi anagonekedwa m'chipatala, ndinakuuzani patapita masiku asanu ndi limodzi, n'kunamizira kuti foni inawonongeka. Foni inali bwinobwino. Ndinkafuna mumve kuwawa kokhala wotsalira. Ndinkadziona wolungama, woti anamenyedwa popanda chifukwa, ndipo ndinkakusungirani mbama ija ngati chuma. Pepani. Inunso munali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu zokha, diresi laukwati litasokedwa kale, ndipo umboni wonse unkaloza ine.

Tsopano pali zinthu ziwiri zimene sindingagamule ndekha. Kalasi ija imasindikiza kabuku ka nkhani za ophunzira, ndipo aphunzitsi ati ya amayi sailowetsa pokhapokha inu ndi ine titalola. Ine ndakana kale, koma dzina limene linadetsedwa ndi lanu, mwina inu mungafune kuti choonadi chilembedwe poyera.

Chachiwiri ndi chachikulu. Amayi apempha wapolisi uja kuti awafufuzire kumene a Mamita ali, ndipo munthuyo, pofuna kulipira mawu ake aja, wawapeza m'masiku atatu. Ali moyo, anapuma ntchito msanga, mayi awo anamwalira kalekale. Dzulo ndinapeza amayi akumata envelopu yopita kwa a Mamita, n'kundiuza kuti ndikaponye popita kuntchito. Ndinaseka, Achemwali, kuseka koipa kumene sindinasekepo. Ndinawalanda, ndipo ndawauza kuti siichoka m'nyumba muno mpaka inu mutanena. Muli ndi banja lanu, muli ndi mtendere wanu, ndipo amayi asakugwedezereni moyo kachiwiri pofuna kupepukitsa mtima wawo. Envelopuyo ili m'chikwama changa, yosatsegula. Mukati ipite, ipita. Mukati iotchedwe, ndiotcha.

Mapepala amene anawerenga ndawajambulitsa, ndi awo ndaika pamodzi ndi kalatayi, ndi zofufuta zake zomwe. Amayi akudziwa kuti ndatumiza. Anafunsa ngati angalembepo mawu pansi, ndinakana. Ndinati akafuna kulankhula nanu adzalankhule ndi pakamwa.

Sindikukupemphani kuti muwakhululukire. Ine mwini sindinafike pamenepo, ndipo sindikudziwa ngati ndidzafike. Ngati simufuna kuwaona, ndidzamvetsa. Chimene ndikupempha ndi changa. Ndinali ndi mkulu wanga amene ankandiluka tsitsi Lamlungu, kundikoka makutu ndikagwedezeka, n'kundibisira chakudya ndikachedwa kusewera. Anandichokera ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo pano ndili ndi imvi ziwiri kutsogoloku. Mukawerenga, imbani. Ngakhale musalankhule, ine ndidzagwira foni mpaka mutadula nokha.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Ana kuno akuti azakhali awo adzabwera liti, wamng'onoyu sakudziwani n'komwe nkhope. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu pa zimene mwawerengazi, ndipo atichitire chifundo tonse atatu.

Ndine mng'ono wanu,
amene munkamutcha Kamphuno