Tsiku Limene Ababa Anatseka Kompyuta

Amayi, kodi muli bwanji kumene munapitako?

Kuno ku Chiwanga tilipo. Mwera wa chaka chino unativuta masabata atatu, mabwato ali gone pamchenga, koma utaleka usipa wabwera wambiri moti mathandala anu aja sakukwanira. Mwana wanu Yohane wawonjezera awiri, okhota monga mukudziwira ntchito za manja ake. Chinangwa cha kumunda wa kumtunda tinakumba, ngakhale anyani anatithandiza kukolola osapemphedwa. Mango wa kuseri kwa nyumba wachita maluwa ambiri, mwina chaka chino tidyako.

Nkhani yaikulu ndi ya mwana wanu Marita. Anachira miyezi iwiri yapitayo, mwana wamkazi, ndipo tamutcha Elizabeti, dzina lanu. Mphuno ndi yanu, kukhosinso ndi kwanu: akalira amamveka mpaka kudoko. Anabatizidwa Lamulungu lapitali. Koma chimene ndakhalira pansi kuti ndikulembereni ndi zimene zinachitika ubatizowo usanafike, chifukwa ndinawalakwira Ababa, ndipo mukanakhalapo mukanandikoka khutu ngakhale ndayamba imvi.

Pali chinthu chimene sindinakuuzeni muli moyo. Tsiku lina masana, chaka chimene munayamba kudwala, munali pakhonde mukusankha usipa uku mukuyeserera nyimbo ya kwaya ya amayi, ine n'kukujambulani mawu pa foni mobisa. Foni ija ndinadzapatsa Yohane, ndipo inu mukudziwa kumene zinthu za Yohane zimathera: ili pansi pa nyanja. Mwayi wake ndinali nditakopera zonse za m'fonimo pa disiki, kabokosi kakuda kongokwana m'dzanja kamene timalumikiza ku kompyuta ndi chingwe. Chimwalirireni inu sindinayerekeze n'komwe kumvera mawuwo. Ndinkaopa kulira. Choncho padziko lonse lapansi mawu anu anali malo amodzi okha, m'kabokosi kokalamba kamene kanali katayamba kuchita phokoso lachilendo kakamazungulira.

Ababa anamva zimenezi kwa Marita. Anandiitana nati, “Agi, ndamva kuti amako uli nawo m'makina. Tsiku la Dumingu, pa ubatizo, uwabweretse, mwanayu amve mwini dzina.”

Loweruka, kutatsala sabata imodzi, ndinapalasa njinga kuchokera ku Metangula kumene ndikugwirabe ntchito mu ofesi ya sukulu. Ndinabwera ndi kompyuta yanga yam'manja, yopinda ija munkaitcha mbale yotsekera. Ndinaiika patebulo, n'kuilumikiza ku batire ya sola, n'kuyamba kukopera zonse za pa disiki kuti zikhale malo awiri. Zithunzi za zaka zambiri sizikoperedwa msanga, ndiye ndinaisiya ikugwira ntchito n'kupita kudoko kukathandiza kutembenuza usipa.

Lamulo lanu mukulikumbukira: nyali yopanda woiyang'ana ndi mafuta otayika. Munkanena nthawi ya nyali ya palafini, munkanenabe titaika sola. Chichokereni inu Ababa amalisunga kuposa mwini wake. Amazungulira nyumba yonse kuzimitsa wailesi, mababu, chilichonse chowala. Ndiye analowa m'nyumba, napeza chinthu chikuwala patebulo popanda munthu. Anatseka chivundikiro chake bwinobwino, nazula chingwe ku batire, nabwerera ku ukonde wawo ali ndi mtendere mumtima.

Nditabwerako n'kuitsegula, galasi lonse linali labuluu ndi timalemba toyera. Ndinaizimitsa n'kuiyatsanso. Kanyali ka pa disiki kanaphethira kamodzi n'kuzima, ndipo kompyuta inakhala ngati sinalumikizidwe ku chilichonse. Ndinayesa katatu, zomwezo.  Amayi, ndikuchita manyazi kulemba zimene ndinanena, koma kwa inu sindibisa. Ndinatuluka n'kukuwa pamaso pa Marita ndi Yohane kuti, “Ababa, anakutumani ndani? Mwawapha kachiwiri amayi!”

Sanandikalipire. Bola akanatero. Anangondiyang'ana nati, “Inali kuyaka yokha, mwananga. Panalibe munthu.” Kenako anatenga chipewa chawo n'kutsikira kudoko. Mawa lake kutchalitchi anakhala pa benchi lakumbuyo ndipo sanaimbe. Yohane anandiimbira Lolemba kuti chakudya akungochigwiragwira.

Nditabwerera ku Metangula ndinakumbukira zimene munkandiuza ndikamathamangira kung'amba ulusi wopiringizika, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Disiki ija ndinaikulunga m'kapulana, nsalu yanu yobiriwira ija, n'kuitsekera m'dilowa. Sindinafune kuiyesa pa makompyuta a sukulu, chifukwa amenewo ali ndi mavairasi ngati nthata za galu, komanso disiki yokalamba ukamaidzutsa pafupipafupi sudziwa kuti kudzuka komaliza ndi kuti. Ndinati ndiyambe ndamvetsa chimene chinachitika.

Ndikufotokozereni, inu amene munkati ntchito yanga ndi yongogogoda mabatani. Kompyuta si chinthu chimodzi. Muli galasi, mabatani, pobayira zingwe, ndi zina zambiri, ndipo chilichonse chili ndi kapulogalamu kake kokachilankhulira, ngati nkhoswe. Kapulogalamu kameneka timakatcha dalaivala. Munthu akatseka chivundikiro, kompyuta sifa, imangogona kuti isunge batire. Koma isanagone, pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse imauza dalaivala aliyense kuti amalize zimene wagwira, achepetse magetsi, kenako ayankhe. Podzuka imawaitananso mmodzimmodzi. N'chimodzimodzi mmene munkatidzutsira m'mawa: Agi, Yohane, Marita, ndipo simunkachoka pakhomo mpaka aliyense atayankha ndi pakamwa, kugwedeza bulangete kunalibe ntchito. Dalaivala mmodzi akapanda kuyankha, pulogalamu yaikulu imadikira, imadikirabe, kenako imaimitsa zonse m'malo mopitiriza mwachimbulimbuli. Ndiye galasi labuluu lija. Ndipo isanaime imalemba m'kaundula wake dzina la amene sanayankhe.

Kuwerenga kaundula ameneyu ndinaphunzira ku Lichinga zaka zija munkadandaula kuti shapa, minibasi ija, indigwetsa m'mapiri. Ndinali nditaiwala zambiri, ndiye zinanditengera masiku awiri, nthawi yopuma masana, buledi m'dzanja. Dzina ndinalipeza. Amene sanayankhe anali dalaivala wa pobayira zingwe, pomwe panali disiki paja, wakalekale, wa nthawi ya mwini kompyuta woyamba. Atauzidwa kuti achepetse magetsi disiki ili pakati pa ntchito, anangouma, osagona osadzuka, ndipo pobayirapo panatsala chomwecho. Ndinapezanso kachizindikiro kololeza kompyuta kudula magetsi a pobayirapo nthawi iliyonse imene yafuna kusunga batire. Kameneko ndinakachonga ine ndemwe chaka chatha. Paja ndine mwana wanu, kuumira magetsi ndinayamwira.

Koma chimene chinandilasa ndi ichi. Nditabwerera m'mbuyo m'kaundulamo ndinapeza kuti vuto lomweli linachitikapo kawiri, miyezi yapitayo, ndili ku Metangula, Ababa ali kutali akusoka ukonde wawo. Ndinakumbuka. Maulendo onse awiri ndinangotukwana pang'ono, kuzimitsa, kuyatsa, n'kupitiriza ntchito. Kompyuta inandiuza kawiri konse kuti pali wodwala m'nyumba, ine osamvera.

Kukonza kwake sikunali kovuta monga mmene ndinkaopera. Ndinatsitsa dalaivala watsopano pa intaneti ya ku ofesi, n'kuchotsa wakaleyo. Kachizindikiro kaja ndinafufuta. Ndinazimitsa kompyuta kotheratu, kuchotsa batire yake, n'kugwirizira batani loyatsira kwa kanthawi kuti magetsi otsalira athe, pobayira paja payambirenso pabwino. Kenako ndinayesa, koma osati ndi mawu anu. Ndinatenga kafulashi kopanda kanthu kofunika, kuyamba kukopera, kutseka chivundikiro, kudikira, kutsegula. Kakhumi konse. Mnzanga wa mu ofesi, mayi wa ku Nampula amene Chinyanja samva, anafika pondifunsa ngati ndili bwino m'mutu. Maulendo khumi onsewo kompyuta inagona bwino, n'kudzuka aliyense atayankha.

Ndiye mwaona, Amayi. Chivundikiro anachipangira kutseka. Ababa anachita chinthu chimene munthu aliyense amaloledwa kuchita, ndipo makina abwinobwino akanachilandira. Cholakwa chinali m'kompyuta yanga, ndipo wosasamala anali ine.

Linali Lachinayi masana. Disiki inali m'dilowa pafupi ndi bondo langa, ndipo dzanja linkayabwa kuti ndiilumikize ndidziwe ngati mulimo. Koma ndinaganiza kuti ndikakapepesa mawu anu atapezeka kale, kudzakhala kupepesa kwa munthu wokhuta. Nanga akapanda kupezeka, kodi pakamwa panga padzatseguka? Ndimadzidziwa. Ndinaisiya momwemo m'kapulana, ndipo Lachisanu nditaweruka ndinapalasa kubwera kuno.

Ndinawapeza pansi pa mango, ukonde uli pamiyendo. Ndinagwada. Ndinawafotokozera zonse, za dalaivala, za kachizindikiro, za maulendo awiri aja. Sindikhulupirira kuti anamva zambiri, koma anamvetsera mpaka kumapeto, singano ili chiimire.

“Ndiye si ine?” anafunsa.

“Si inu, Ababa. Ndine. Ndipo mawu amene ndinakunenerani aja, ngakhale mukanakhala inu, sanali oti atuluke m'kamwa mwanga. Pepani.”

Kenako anafunsa kuti, “Nanga amako alimo?”

“Sindikudziwa. Sindinayese.”

Anaika ukonde pambali nati, “Purontu, basi. Dzuka, tiye tikaone tonse.”

M'nyumba anaima kumbuyo kwanga manja ataika kumsana, ngati mwana wolowa m'sitolo ya mbale zagalasi. Zimenezo zinandiwawa kuposa china chilichonse. Ndinailetsa kompyuta kugona, n'kubaya chingwe cha disiki. Kanyali kanaphethira, kanaphethiranso, n'kukhazikika. Disiki inachita kaphokoso kake kaja, kenako dzina lake linatulukira pagalasi. Ulendo uno sindinachite dyera lofuna zonse nthawi imodzi. Ndinayamba ndi mawu anu okha, kuwaika mu kompyuta, pa kafulashi, ndi pa foni ya Marita. Pa ya Yohane ayi. Nditafuna kuwatsegula Ababa anandiletsa, nati tidikire tsiku la ubatizo.

Lamulungu titachokera kutchalitchi tinakhala pakhonde lomwe lija, Marita ndi mwamuna wake, Yohane, azakhali a ku Lunho, Ababa atanyamula Elizabeti atavala zoyera. Dzuwa linali pamutu. Ndinadina batani, ndipo munayamba kuimba. Amayi, munali inu ndithu. Kumveka usipa ukusokosa m'lichero, nkhuku ikutetera chapatali, inu mukukwera pamene mawu anu ankavutikira nthawi zonse n'kubwereza mzere womwewo kawiri. Marita anabisa nkhope m'nsalu. Ine ndinalira poyera, osabisa. Mwini dzina watsopanoyo anagona tulo osamvako ngakhale pang'ono, koma adzamva akadzakula.

Mapeto ake ndinali nditaiwaliratu. Muli pakati pa ndime yachitatu munaleka kuimba mwadzidzidzi, n'kumveka mukunena chapafupi kuti, “Agi, chikuyaka chiyani icho? Zimitsa, ukutha bateriya.” Pomwepo mawu anaduka. Ndinakumverani tsiku limenelo, ndipo n'chifukwa chake ndime yomaliza tilibe.

 Kenako Yohane anaphulika kuseka, azakhali nawo, tonse kuseka misozi ili mbwembwembwe. Ine dzanja langa linapita lokha pa chivundikiro, poti mwalamula. Ababa anandigwira pamkono. Sanayang'ane ine, anayang'ana kompyuta ija, nati, “Ndamva, amake Agi. Koma lero ayi. Lero ithe.” Kenako anatembenukira kwa ine: “Bwereza.”

Tinabwereza mpaka batire inatheratu, ndipo nthawi iliyonse mukafika poti zimitsa, Ababa ankapukusa mutu. Madzulo ake anadya bwino, n'kupempha ndiwo zowonjezera.

Zina zonse zili bwino. Denga la khitchini tifolera mvula isanayambe, ndipo pamanda panu Marita anadzala maluwa amene mbuzi sizinawapezebe. Ndikukulonjezani kuti makina akadzandichenjeza ndidzamva ulendo woyamba, ndiponso kuti Ababa sadzaikanso manja kumsana m'nyumba mwawo chifukwa cha pakamwa panga. Nyali zonse ndizizimitsa monga munatiphunzitsira. Koma ichi chokha, Amayi, mundikhululukire, mukadzanenanso kuti zimitsa, sindidzakumverani.

Ndine mwana wanu wokukondani nthawi zonse,
Agi